Tsiku limodzi pa moyo wa nyumba: zimene zithunzi zimasunga ndi zimene zimabisa

Madzulo a pa 15 Epulo 2019, nthawi itatsala pang'ono kukwana 8 koloko, nsanja yosongoka ya pamwamba pa tchalitchi cha Notre-Dame ku Paris inapendekeka n'kugwera m'malawi a moto. Anthu amene anali m'mphepete mwa mtsinje wa Seine anali atakweza mafoni m'mwamba, ndipo pasanathe ola limodzi dziko lonse linali litaona. Ambiri anadandaula kuti chinthu cha zaka 800 chapita. Tchalitchicho n'chakaledi, poti anayamba kuchimanga mu 1163. Koma nsanja imene inagwayo inali ya mu 1859, ya zaka 160 zokha.

Umboni wake uli m'zithunzi. Zithunzi zoyambirira za Notre-Dame, zojambulidwa cha m'ma 1840, zimaonetsa denga lalitali lopanda kanthu pamsana pake. Nsanja yoyamba inali itafooka, ndipo anaiphwasula chakumapeto kwa zaka za m'ma 1700. Imene tinkaidziwa ifeyi inachokera m'mutu mwa Eugène Viollet-le-Duc, katswiri wolemba mapulani a nyumba amene anayamba kukonza tchalitchicho mu 1844 pamodzi ndi mnzake Jean-Baptiste Lassus. Iye anaikweza mpaka mamita 96 kuchokera pansi. Ngakhale zifanizo za zilombo zimene zimasuzumira mzindawo kuchokera pamwamba pa khoma lakumaso, zimene alendo amaziyesa zamakedzana, zinabwera pa nthawi yokonza yomweyo. Pali chithunzi cha mu 1853 chimene anajambula Charles Nègre: mnzake Henri Le Secq waima pakhonde lapamwambalo atavala chipewa chachitali, ndipo patsogolo pake pali chilombo chamwala chitagwira chibwano ndi manja onse awiri. Tsiku limenelo chilombocho chinali chatsopano.

Ambiri a ife sitinapondeko ku Paris, ku Agra kapena ku Athens, koma wina akatchula Notre-Dame, Taj Mahal kapena Parthenon, chithunzi chimabwera m'mutu nthawi yomweyo. Chithunzi chimenecho anatisankhira munthu wina. Anasankha poima, ola lake, nyengo yake, ndi zimene zitsale kunja. Nyumba imakhala zaka mazanamazana ikusintha, iye n'kugwirapo tsiku limodzi. Palibe mboni yothandiza pa mbiri ya nyumba kuposa chithunzi, komanso palibe mboni ina imene timaikhulupirira msanga chonchi osaifunsa mafunso.

Nyumba sithawa kamera

Kujambula zithunzi kunayambira pa nyumba, ndipo chifukwa chake n'chosavuta kumva. Zipangizo zoyamba zinkafuna nthawi yaitali kuti kuwala kusiye chizindikiro, ndiye pankafunika chinthu chosagwedezeka. Chithunzi cha kamera chakale kwambiri chimene chilipo mpaka lero anajambula Nicéphore Niépce mu 1826 kapena 1827, ali pazenera la nyumba yake ku Le Gras m'dziko la France. Anapaka phula pa chitsulo chaphanthiphanthi n'kuchisiya m'kamera kwa maola osachepera 8. Pachithunzipo pali madenga ndi makoma okhaokha, koma makoma a kumanja ndi a kumanzere onse akuwala, chifukwa dzuwa linayenda kuchoka kum'mawa kufika kumadzulo kamera ikadali chitsekukire.

Mu 1838 Louis Daguerre analoza kamera yake pa Boulevard du Temple ku Paris, msewu wa piringupiringu wa ngolo ndi anthu oyenda pansi. Pachithunzipo msewu uli zii. Kamera inakhala yotsekula kwa mphindi zingapo, ndipo chilichonse choyenda chinadutsa osasiya phazi. Chakumunsi kumanzere ndi kumene kukuoneka munthu ataima, mwendo umodzi ataukweza, wina akumupukuta nsapato. Anaoneka chifukwa anakhala pamalo amodzi.

Chizolowezi choonetsa nyumba zotchuka popanda anthu chinayambira pamenepa. Poyamba kunali kulephera kwa makina. Makina atapita patsogolo, maso a anthu anali atazolowera kale, ndipo mpaka lero ojambula ambiri amalawirira m'bandakucha kuti apeze bwalo lopanda munthu. Ine zimenezi zimandidandaulitsa. Tchalitchi, mzikiti kapena siteshoni ya sitima anazimangira khamu la anthu, ndipo kuzionetsa zili zii kuli ngati kumuonetsa munthu ng'oma osamulola kuimva ikulira.

Maboma sanachedwe kuona phindu la kamera. Mu 1851 bungwe la boma la France loyang'anira nyumba zakale, limene Prosper Mérimée anali woyendera wake wamkulu, linatuma ojambula asanu kuzungulira dzikolo: Édouard Baldus, Hippolyte Bayard, Gustave Le Gray, Henri Le Secq ndi Auguste Mestral. Anapatsidwa mndandanda wa matchalitchi, milatho ndi malinga oti awajambule asanayambe kukonzedwa. Le Gray ndi Mestral anafika ku Carcassonne, mzinda wa malinga kum'mwera kwa France, n'kupeza nsanja zopanda madenga. Nthawi imeneyo anthu osauka anali atamanga tinyumba tawo motsamira malingawo. Patangopita zaka ziwiri Viollet-le-Duc anayamba ntchito pamalopo. Tinyumbato tinachotsedwa, nsanja n'kuvekedwa madenga osongoka a miyala yakuda yopyapyala, amene otsutsa ankati ndi a kumpoto kwa France, osati a dera lotentha la kum'mwera. Mlendo wa lero amaona mzinda wooneka wamakedzana kuposa mmene unkaonekera mu 1851. Pakanapanda zithunzi zija, bwenzi kuli kovuta kuloza pamene pathera mwala wakale ndi pamene payambira maganizo a wokonza.

Nkhani zotere zilipo zambiri. Parthenon, kachisi amene anamangidwa ku Athens pakati pa 447 ndi 432 Khristu asanabadwe, anang'ambika pakati mu 1687 pamene onga wa mfuti umene unkasungidwamo unaphulika pa nkhondo. Mu Okutobala 1839 Pierre-Gustave Joly de Lotbinière anamujambula, ndipo pakati pa mizati yake pakuoneka kamzikiti. Chitsulo chimene anajambulapo chinasowa, koma chithunzi chokopera pa chimenecho chinatsala. Dziko la Greece, limene linali litangodziimira palokha, linachotsa kamzikitiko, ndipo chapakati pa zaka za m'ma 1870 linagwetsanso nsanja yaitali ya m'nthawi ya olamulira ochokera kumadzulo kwa Ulaya, ndi ndalama za Heinrich Schliemann, wofukula zakale wa ku Germany. Phiri la Acropolis, pamene pali Parthenon, mmene timalionera leroli ndi munda wopalira: anazulapo zomangidwa za mibadwo yambiri kuti patsale nyengo imodzi imene ankainyadira. Ku Cologne m'dziko la Germany, chimtengo chokwezera miyala chinakhala pamwamba pa nsanja yosamalizidwa ya tchalitchi chachikulu kwa zaka pafupifupi 400, ndipo kamera inachipeza chisanachotsedwe mu 1868. Tchalitchicho chinayambidwa mu 1248 n'kudzatha mu 1880. Ku Taj Mahal nako, zithunzi za m'ma 1850 ndi 1860 zimaonetsa munda wothithikana ndi mitengo yophimba mbali yaikulu ya nyumbayo. Kapinga wosalala wa pa zithunzi za lero anabwera ndi Angelezi, makamaka m'nthawi ya Lord Curzon, amene ankalamulira India m'dzina la Britain, kumayambiriro kwa zaka za m'ma 1900.

Chifukwa chake nyumba imagwa chagada pa foni yanu

Imani pansi pa nyumba yaitali, mutulutse foni. Kuti denga lilowe, mudzutsa foniyo kuyang'ana m'mwamba. Mukaona chithunzicho mupeza makoma akupendekera m'kati, akupita kukakumana kumwamba, nyumba ikuoneka ngati ikugwa chagada. Foniyo sinalakwe kanthu. Pamwamba pa nyumba pali kutali ndi inu kuposa pansi pake, ndipo chakutali chimaoneka chaching'ono. Maso athu amaonanso chimodzimodzi, kungoti ubongo umadziwa kuti khoma ndi loongoka ndipo umatikonzera mwakachetechete. Pa pepala kapena pa sikirini ubongo suchitanso chifundo chimenecho.

Lamulo lake ndi limodzi: kumbuyo kwa kamera, kumene kumakhala filimu kapena kachipangizo kolandira kuwala, kuyenera kuima chilili ngati mmene khoma laimira. Kamera ikakhala pa levulo, mizere yonse yoimirira imatuluka yoongoka. Vuto n'lakuti mukatero theka la chithunzi limadzaza ndi msewu, denga n'kudukira kunja. Ojambula a m'zaka za m'ma 1800 anali ndi yankho m'kamera momwemo. Kamera yawo inali matabwa awiri, lina lonyamula lenzi kutsogolo, lina lonyamula galasi kumbuyo, olumikizidwa ndi chikopa chopindikapindika ngati mvukuto. Wojambula ankafunda nsalu yakuda kumutu, n'kuona nyumba ili chozondoka pagalasilo, denga pansi maziko m'mwamba. Ndiye m'malo modzutsa kamera yonse, ankangokweza thabwa lakutsogolo pang'onopang'ono. Lenzi imaponya chithunzi chozungulira chachikulu kuposa filimu, tsono kuikweza kuli ngati kusankha mbali ina ya bwalo lomwelo. Msewu umachoka, denga n'kulowa, makoma ali chiimire. Makamera ang'onoang'ono atafala, Nikon inatulutsa lenzi yotsetsereka chonchi kumayambiriro kwa zaka za m'ma 1960, ndipo Canon inatulutsa yake mu 1973, yotha kutsetsereka komanso kupendekeka. Malenzi a mtundu umenewu amadziwika kuti tilt-shift.

Lero kompyuta imaongola mizere m'kanthawi kochepa, koma imachita zimenezo pokoka mbali yakumwamba ya chithunzi, ndipo munthu akapanda kusamala nyumba imatuluka yonenepa kapena yowonda kuposa mmene ilili. Palinso malire. Nyumba yaitali kwambiri mukaiongola kotheratu imaoneka ngati ikukula kumutu, n'chifukwa chake ojambula odziwa amasiyako kupendekeka pang'ono. Ndipo si mzere uliwonse wokhota umene uli cholakwa. Pansi pa Parthenon pamatukuka chapakati ndi masentimita pafupifupi 11 m'mbali zake zazitali, mizati yake imatsamira m'kati pang'ono ndipo imatupa pamimba. Amisiri anachita dala zimenezi zaka zoposa 2,400 zapitazo. Wojambula wosadziwa mbiriyi akhoza kufafaniza luso lawo lonse akuyesa kuti akukonza chithunzi.

Kenako pali kuwala. Mawu akuti chithunzi ndi akuti mthunzi ali pachibale, ndipo pa ntchito imeneyi ubalewo umaonekera poyera. Chimene chimauza diso kuti khoma ili lalowa m'kati, mzati uwu ndi wobulungira, mwala uwu ndi wokhakhala, ndi mthunzi. Dzuwa likakhala kumsana kwa wojambula, khoma limaoneka lafulati ngati pepala. Likamawomba cham'mbali, m'mamawa kapena chakumadzulo, mzere uliwonse wa njerwa umadzuka, ngakhale zipsera za tchizulo ya wosema zimaoneka. Khoma lina dzuwa limalipeza kwa ola limodzi lokha pa tsiku, lina pa miyezi ina yokha ya chaka. Ndiye wojambula amafika ndi mapu, kuona kumene nyumba yayang'ana, n'kudikira. Nthawi imene ambiri amaikonda ndi ya chisisira, pamene kuwala kwa thambo kwatsika mpaka kufanana mphamvu ndi magetsi a m'nyumba, moti kunja ndi m'kati zimaoneka pamodzi. Imakhala ya mphindi zochepa, ndipo mtambo umodzi ukhoza kuiwononga. Paja kuona maso a nkhono n'kudekha.

Ena anakana mthunzi mwadala. Bernd ndi Hilla Becher a ku Germany, kuyambira mu 1959, ankajambula matanki a madzi, ng'anjo zosungunulira chitsulo ndi nsanja za migodi kukakhala mitambo yokhayokha, ataima molunjika, n'kuziyala m'mizere kuti munthu afananitse. Zinthu zimene aliyense ankaziona ngati zonyansa zoyenera kugwetsedwa zinayamba kuoneka kuti nazo zili ndi mbiri.

Chithunzi chikakhala chotsatsa malonda

Nyumba siyenda, koma magazini imayenda. M'zaka za m'ma 1900 akatswiri olemba mapulani anazindikira kuti kutchuka kwawo kuli m'manja mwa wojambula. Le Corbusier ataona zithunzi 650 zimene Lucien Hervé anajambula tsiku limodzi mu 1949 pa nyumba ya Unité d'Habitation ku Marseille, anamugwira osamutayanso mpaka pamene Le Corbusier anamwalira mu 1965.

Usiku wa pa 9 Meyi 1960, Julius Shulman anaimika kamera kunja kwa nyumba yamagalasi imene Pierre Koenig anailembera mapulani paphiri loyang'ana mzinda wa Los Angeles, yodziwika kuti Case Study House 22. Pachithunzi chimene chinatuluka, atsikana awiri ovala madiresi oyera akhala pamipando akucheza m'chipinda chooneka ngati chalenjekeka m'malere, pansi pawo magetsi a mzinda atayala mpaka kumene maso alekezera. Atsikanawo sanali eni nyumba, mipando inali yobwereka, ndipo ntchito zina pa nyumbayo zinali zisanathe. Kamera sikanatha kugwira m'kati ndi kunja nthawi imodzi. Shulman anazimitsa magetsi a m'nyumba n'kusiya kamera yotsekula kwa mphindi pafupifupi 7 kuti imwe kuwala kwa mzinda, atsikanawo ali mumdima. Kenako anathwanimitsa fulashi kamodzi, m'chipindamo n'kuwala ngwee. Nthawi ziwiri zosiyana zinalowa pa filimu imodzi.

Kodi limeneli ndi bodza? Ine sindikuliona choncho. Nyumbayo ilipodi, magalasiwo alipodi, mzindawo uli pomwepo. Chithunzicho chikunena zoona za maloto a wolemba mapulani. Chimene sichinena ndi mmene munthu amakhalira m'nyumba yamagalasi masana dzuwa likuswa mtengo, ndipo owerenga magazini sankadziwa kuti funso limenelo latsala kunja.

Fallingwater, nyumba imene Frank Lloyd Wright anailembera banja la Kaufmann ku Pennsylvania mu 1935, dziko limaidziwa kuchokera pamalo amodzi: kumunsi kwa mtsinje, kuyang'ana m'mwamba, makonde a konkire atatambalala pamwamba pa mathithi. Pamenepo ndi pamene Bill Hedrich anaima mu 1937. Koma munthu wokhala m'nyumbamo mathithiwo amawamva kulira kuposa kuwaona, poti ali pansi pake. Makonde okongolawo anayamba kugwada kuyambira pachiyambi, mpaka mbali ina inatsika ndi masentimita pafupifupi 18, ndipo mu 2002 anachita kuwamanga ndi zingwe zachitsulo m'kati. Villa Savoye ya Le Corbusier ku Poissy, yomalizidwa mu 1931, imaoneka pa zithunzi ngati bokosi loyera loyandama pamwamba pa udzu. Eni ake ankalemba makalata odandaula kuti ikudontha mvula ikagwa, ndipo mu 1940 anasamukamo. Chikomekome cha nkuyu m'kati muli nyerere. Nyumba ziwirizi n'zofunikadi pa mbiri ya zomangamanga, koma wophunzira amene amangozidziwira pa zithunzi amatengera maonekedwe osadziwa mavuto amene anabwera nawo.

Nkhani yopatsa chidwi kuposa zonse ndi ya Barcelona Pavilion. Ludwig Mies van der Rohe ndi Lilly Reich anaikonzera dziko la Germany pa chionetsero cha mayiko cha mu 1929, ndipo kumayambiriro kwa 1930 inaphwasulidwa. Inakhalapo miyezi yowerengeka chabe. Kwa zaka 56 inangokhala pa zithunzi zochepa zopanda mitundu, za koyera ndi kwakuda, komabe inkaphunzitsidwa m'masukulu a zomangamanga padziko lonse monga imodzi mwa nyumba zofunika kwambiri za m'zaka zimenezo. Ophunzira ankaiganiza kuti ndi yotuwa, yozizira. Chonsecho munali khoma la mwala wa onyx wofiirira ngati golide, miyala ya mabo yobiriwira, katani yofiira ndi kapeti yakuda. Mu 1986 anamaliza kuimanganso pamalo omwewo, motsogozedwa ndi zithunzi zomwezo pamodzi ndi mapulani amene anatsala. Chithunzi chinabereka nyumba imene inachibereka.

Kamera ikhozanso kupha mbiri ya nyumba. Ku St. Louis m'dziko la America kunali Pruitt-Igoe, nyumba 33 za nsanjika 11 iliyonse, zimene boma linamangira anthu opeza movutikira m'ma 1950, mapulani ake atalemba Minoru Yamasaki. Mu 1972 zina mwa izo zinagwetsedwa ndi mabomba, ndipo chithunzi cha nyumba ikudzigwera m'fumbi chinafala ngati umboni wakuti kamangidwe kamakono kalephera. Pachithunzipo simungaone kuti ndalama zokonzera nyumbazo zinkadalira lendi ya anthu osauka omwewo, kuti zikepe zikawonongeka zinkakhala osakonzedwa, kuti tsankho linkasankhira anthu akuda kokhala ndi kogwira ntchito, kapena kuti mzindawo unali kutha anthu: oposa 850,000 mu 1950, pafupifupi 620,000 pofika 1970. Mlandu wonse unagwera makoma chifukwa makoma ndi amene amaoneka.

Chaka chomwecho cha 1972 ku Chicago kunafa munthu amene ndimamukumbukira ndikamaganiza za ntchito imeneyi. Richard Nickel anatha zaka pafupifupi 20 akujambula nyumba za katswiri wolemba mapulani Louis Sullivan, zimene zinkagwetsedwa imodzi ndi imodzi kuti pamangidwe zatsopano. Akalephera kuletsa ogwetsa, ankalowa ndi kamera, n'kupulumutsanso zokongoletsa zimene akanatha kunyamula. Pa 13 Epulo 1972 analowa m'nyumba ya Chicago Stock Exchange ili m'kati mogwetsedwa, ndipo mbali ina inamugwera. Thupi lake linapezeka patapita milungu pafupifupi inayi. Chipinda chachikulu chochitiramo malonda cha m'nyumbayo anachimanganso m'kati mwa Art Institute of Chicago, ndipo nyumba zambiri za Sullivan zimene zinapita timazidziwa bwino lero chifukwa cha mafilimu a Nickel.

Amene sakuoneka, ndi mawu a m'munsi mwa chithunzi

Nyumba ikatha, omanga amachoka, ndipo wojambula amabwera iwo atapita. N'chifukwa chake zithunzi za Lewis Hine za mu 1930 ndi 1931 zili zamtengo wapatali: anakwera pamodzi ndi amisiri a zitsulo pa Empire State Building ku New York, nyumba ya nsanjika 102, n'kuwajambula ali lende pa zingwe, mzinda uli pansi pa mapazi awo. Nyumba zambiri zotchuka zilibe chithunzi ngakhale chimodzi cha manja amene anazimanga.

Pamene omanga sakuoneka, mawu olembedwa m'munsi mwa chithunzi amatha kuwalanda ntchito yawo. Great Zimbabwe, mzinda wakale wa m'dziko la Zimbabwe, inamangidwa pakati pa zaka za m'ma 1000 ndi 1400, ndi miyala yosanja popanda dothi kapena simenti, ndipo khoma la mpanda wake waukulu limafika mamita 11 m'malo ena. Karl Mauch wa ku Germany atafikako mu 1871 anaganiza za Mfumukazi ya ku Sheba, ndipo ena pambuyo pake anatchula Afoinike. David Randall-MacIver mu 1905 ndi Gertrude Caton-Thompson mu 1929 anafukula pamalopo n'kutsimikiza kuti omanga anali Aafirika a m'dera lomwelo, makolo a Ashona. Komabe boma la Rhodesia linkakakamiza kuti timabuku ta alendo tizisonyeza ngati nkhaniyo ndi yokayikitsa, ndipo katswiri Peter Garlake, amene anakana kutero, anachoka m'dzikomo mu 1970. Zithunzi za makomawo zinali zolondola, mwala uliwonse uli pamalo pake. Bodza linkakhala m'mawu ochepa a m'munsi.

Palinso nyumba zimene chithunzi chimodzi sichingazigwire n'komwe. Mzikiti waukulu wa ku Djenné m'dziko la Mali ndi wa zidina ndi dothi. Edmond Fortier anajambula bwinja la mzikiti wakale mu 1906, ndipo umene ulipowu unatha mu 1907 motsogozedwa ndi mmisiri Ismaila Traoré. Chaka ndi chaka anthu a mumzindawo amaumata dothi latsopano, akuponda pa mitengo ya migwalangwa imene imatulukira m'makoma. Mukayala zithunzi zake motsatira zaka, muona ngodya zakuthwa zikunka zibulungira. Ku Japan, kachisi wamkulu wa ku Ise amamangidwanso mwatsopano zaka 20 zilizonse, ndipo mu 2013 kanali ka 62. Pa nyumba zotere, chakale ndi luso limene likupatsiridwa kuchoka ku m'badwo wina kupita ku wina. Wojambula amene akufuna kunena zoona ayenera kubwera tsiku lomata, matope ali m'manja mwa anthu.

Kuyeza ndi kuwala

Mu 1858 mnyamata wina wa zaka 24, Albrecht Meydenbauer, ankayeza tchalitchi chachikulu cha ku Wetzlar ali m'dengu lolenjekeka pa zingwe, ndipo anatsala pang'ono kugwa. Mantha a tsiku limenelo anamupatsa ganizo: bwanji osayeza pa chithunzi, munthu ali pansi? Mukajambula khoma kuchokera pa malo awiri amene mukudziwa kutalikirana kwake, kadontho kalikonse ka pakhomapo kamakhala pamene mizere iwiri yochokera ku makamerawo yakumana, ndipo masamu amakuuzani pamene kali. Ndi mmenenso maso athu awiri amadziwira kutalika kwa chinthu. Njirayi inatchedwa photogrammetry. Mu 1885 boma la Prussia linamutsekulira ofesi ku Berlin, imene inasonkhanitsa zithunzi pafupifupi 20,000 zojambulidwa pa magalasi. Nkhondo yachiwiri ya padziko lonse itasandutsa mizinda ya Germany mabwinja, zithunzi zimenezi zinathandiza pomanganso zina mwa nyumba zimene zinagwa.

Mdzukulu wa njira imeneyi ndi makina a laser, amene amaponya kuwala pakhoma n'kuyeza mtunda kambirimbiri pa sekondi imodzi. Andrew Tallon, mphunzitsi wa mbiri ya zomangamanga ku Vassar College, anaimika makina otere m'malo oposa 50 m'kati ndi kunja kwa Notre-Dame, n'kusonkhanitsa timadontho toposa 1 biliyoni. Cholinga chake chinali kumvetsa mmene amisiri akale ankagwirira ntchito, ndipo anapeza mizati ina yosakhala pamzere ndi makoma amene anasuntha nyumba ikumangidwa. Anamwalira mu Novembala 2018, miyezi isanu moto usanabuke. Miyeso yake inakhala pakati pa zinthu zimene okonza anali nazo m'manja, pamodzi ndi mapulani a Viollet-le-Duc ndi zithunzi zosawerengeka za akatswiri ndi za alendo wamba.

Moto utazima panabuka mkangano: abwezeretse nsanja ya Viollet-le-Duc, kapena amange ina yamakono yosonyeza m'badwo uno? Mu Julayi 2020 boma la France linagamula kuti ibwerere mmene inalili, ya matabwa a oak okutidwa ndi mtovu. Tchalitchicho chinatsegulidwanso pa 7 Disembala 2024. Amene analowa anadabwa ndi kuyera kwa makoma, chifukwa mwaye wa makandulo ndi fumbi la zaka zambiri zinachapidwa pamodzi ndi utsi wa moto uja, ndipo pafupifupi zithunzi zonse za m'kati zimene anthu ankazidziwa zinali za tchalitchi chakuda. Kunja, nsanja yaimanso pa mamita 96, mofanana ndi ya mu 1859. Yoyamba ija, ya m'zaka za m'ma 1200, imangodziwika pa zojambula pamanja: inaphwasulidwa kutatsala zaka pafupifupi 40 kuti Niépce aike kamera pazenera lake.